Likoma, Chilumba Chathu cha M'madzi a Mozambique

Anzanga amene tidadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba za kusukulu, ambiri a ife tidaloweza maboma onse a dziko lino pokonzekera mayeso, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje. Aphunzitsi a jogalafe ankatijambulitsanso mapu a Nyanja ya Malawi. Pa mapupo pankakhala timadontho tiwiri cha kum'mawa, pafupi ndi gombe la Mozambique, timene ambiri tinkaiwala kujambula, ena n'kumayesa kuti ndi inki yongodontha. Timadontho timeneti ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu. M'kope lino ndafuna kuti tikumbutsane mbiri ya zilumbazi, makamaka Likoma. Mbiri yake sitingaimvetse popanda kuyang'ana malo ake. Madzi, miyala ndi mphepo ndizo zidachititsa kuti kachilumba kosabala chimanga chokwanira kakhale likulu la maphunziro kwa zaka zambiri, ndipo madzi omwewo ndiwo adadzachititsa kuti kaiwalike.

Malo ake

Chilumba cha Likoma chili m'Chigawo cha Kumpoto, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Nkhata Bay. Koma kuchokera pa chilumbachi kukafika ku Cobue, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ku Mozambique umene makolo ankautchula kuti Kobwe, pali makilomita 7 okha. Munthu ukaima pa gombe la kum'mawa umaona bwinobwino mapiri a dziko la eni, pamene gombe la dziko lako silioneka kawirikawiri. Chizumulu chili cha kumadzulo kwa Likoma, ndipo sitima yochokera ku Nkhata Bay imayamba yaima kumeneko.

Zilumba ziwirizi pamodzi kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 18. M'litali mwake Likoma ndi makilomita ngati 8, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wochokera ku msika waukulu wa ku Old Town kukafika ku Capital Hill. Munthu wolimba miyendo angathe kuchoka ku Makulawe, kumpoto kwa chilumbachi, n'kudutsa pa Mbamba pamene pali dooko ndi msika, n'kukafika ku Nkhwazi kum'mwera dzuwa lisadapendeke.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma. Limeneli ndi boma la anthu ochepa kuposa lina lililonse m'Malawi, moti Area 25 yokha muno mu Lilongwe ili ndi anthu ochuluka kuposa pamenepa. Komabe tisamanamizidwe ndi nambalayi. Pa sikweya kilomita imodzi pa Likoma pamakhala anthu oposa 700, pamene m'dziko lonse chaka chomwecho adali 186. Ife okhala ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, kumene nyumba imodzi ili ndi bwalo lotha kulimapo chimanga, tikamamva za chilumba timaganiza za malo a zii. Zoona zake n'zakuti anthu ndi ochepa kaamba koti malowo ndi ochepa, koma ndi othithikana.

Nthaka yake ndi ya miyala ndi mchenga, ndipo palibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mvula imagwa yochepa poyerekeza ndi ya ku Nkhata Bay, n'chifukwa chake mtengo wotchuka kumeneko ndi mlambe, pamodzi ndi mango. Mbewu imene imapirira ndi chinangwa. Chuma chenicheni chili m'madzi: usipa, utaka ndi nsomba zina. Kuyambira kale ufa, nkhuni ndi mitengo yomangira nyumba zakhala zikuchokera kutsidya pa mabwato. Kenaka pali mphepo ya mwera, yochokera kum'mwera, imene imawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mwera ukakwiya palibe wopalasa bwato amene amayerekeza kuwoloka.

Amishoni asadabwere

M'zaka za m'ma 1800 gombe la kum'mawa kwa nyanja lidali malo oopsa. Angoni a kumpoto, amene anthu ankawatchula kuti Magwangwara, ankatsika m'mapiri kudzafunkha zakudya ndi kugwira anthu. Malonda a akapolo nawonso adali pachimake. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawolotsa akapolo kupita ku gombe la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Anyanja a m'mbali mwa nyanja ankakhala m'midzi ya malinga, ena ankamanga nyumba pa mitengo yozikidwa m'madzi, enanso ankathawira pa zilumba. Angoni adali akatswiri a nkhondo ya pamtunda, koma sadali anthu a mabwato. Motero makilomita 7 a madzi aja adali linga loposa linga lililonse la mitengo. Anthu ankalolera kukhala pa nthaka yosabala malinga agone tulo.

Chifukwa chake amishoni adasankha chilumba

Mu Disembala 1857 David Livingstone adalankhula ku yunivesite ya Cambridge ku England, kupempha kuti anthu apite ku Africa kukalimbana ndi ukapolo. Pempholi lidabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene ambiri timalidziwa kuti UMCA, la mpingo wa Anglican. Ulendo wawo woyamba udathera m'misozi. Bishopu Charles Mackenzie adakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, koma adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Nkhondo, njala ndi matenda zidawakanika, ndipo mu 1864 Bishopu William Tozer adasamutsira mishoniyo ku Zanzibar, chimene chilinso chilumba.

Amene adabweza UMCA ku nyanja ndi William Percival Johnson. Iyeyu adayamba wakhala ku Mwembe kwa Mfumu Mataka ya Ayao, koma adachotsedwako mu 1881. Chaka chotsatira adafika pa gombe la kum'mawa ndi mnzake Charles Janson, amene adamwalira pa mudzi wa Chia atangofika. Johnson adaona kuti midzi ya Anyanja idandandalikana m'mbali mwa nyanja ngati mikanda pa chingwe, ndi kuti njira yabwino yoifikira yonse ndi ya pamadzi. Adabwerera ku England kukapempha sitima. Sitimayo idabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, idalumikizidwa ku Matope, ndipo idapatsidwa dzina la Charles Janson. Pa ulendo umenewu Johnson adadwala maso kwambiri kotero kuti moyo wake wonse ankaona movutikira, koma adagwirabe ntchito m'mbali mwa nyanja mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928.

Sitima imafuna dooko lotetezeka ku mphepo, ndipo amishoni ankafuna malo amene Angoni sakadafikako. Likoma chidali ndi zonse ziwiri. Mu 1885, pa nthawi ya Bishopu Charles Smythies, mishoni idakhazikitsidwa pa chilumbachi ndi chilolezo cha Mfumu Chiteji ya kutsidya. Chaka chotsatira kudafika Chauncy Maples kudzayang'anira ntchito ya pa chilumba, pamene Johnson ankayendera midzi pa sitima. Pa mapu a masiku ano Likoma chili kumapeto kwa dziko. Pa mapu a anthu amenewa chidali pakati, pakuti msewu wawo udali nyanja. Kuchokera pamenepo ankafika ku Msumba kum'mawa, ku Nkhotakota kumadzulo, kwa Mponda ndi ku Malindi kum'mwera, ndiponso ku magombe a kumpoto amene tsopano ali m'dziko la Tanzania.

Msewu umenewu udali ndi zoopsa zake. Maples adadzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma ku London mu 1895, koma sadakhale pa mpando wake ngakhale tsiku limodzi. Pa 2 Seputembala chaka chomwecho, bwato limene adakwera pobwerera lidagubuduzika ndi mphepo ndipo adamira. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima yachiwiri ya mishoni, yopangidwa ku Glasgow n'kulumikizidwa kwa Mponda, idayamba kuyenda mu 1901 ndi dzina lake.

Malire

Funso limene ambiri timafunsa ndi lakuti, zidatheka bwanji kuti zilumba zoyandikana chotere ndi Mozambique zikhale za Malawi? Yankho lili m'mikangano ya atsamunda. Apwitikizi ankati dera lonse la kum'mawa kwa nyanja ndi la m'chigwa cha Shire ndi lawo, pamene Angerezi ankati amishoni ndi amalonda awo ndiwo adalipo kale. Mu Januwale 1890 boma la Britain lidachenjeza Portugal mwamphamvu kuti ichotse asilikali ake ku Shire, ndipo mu Juni 1891 maiko awiriwa adasainirana pangano la malire. Gombe la kum'mawa lidapita kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zidasiyidwa m'manja mwa Angerezi, kaamba koti pa Likoma padali likulu la UMCA. Mfumu Chiteji ndi anthu ake sadafunsidwe. Abale a mimba imodzi adadzuka ali m'maiko awiri, wina akulamulidwa m'Chingerezi, wina m'Chipwitikizi.

Pa pangano la 1891 malire adatsata gombe lenilenilo, kutanthauza kuti madzi onse a pakati pa Nkhata Bay ndi Kobwe adali a Nyasaland. Zinthu zidasintha mu Novembala 1954, pamene Britain ndi Portugal adagwirizananso kuti m'chigawo chimenechi malire adutse pakati pa nyanja. Zilumba ziwirizi zidatsalabe za Nyasaland, pamodzi ndi madzi ozizungulira a mamailosi awiri. Kuyambira pamenepo, munthu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma amadutsa m'madzi a Mozambique asadafikenso m'dziko lake. Tizindikirenso kuti panganoli ndi losiyana ndi la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lokhudza kumpoto kwa nyanja, limene lakhala gwero la kusamvana pakati pa Malawi ndi Tanzania.

Tchalitchi cha pa Chipyela

Chizindikiro chachikulu cha nthawi imeneyo ndi tchalitchi cha St Peter's. Chidamangidwa pa malo otchedwa Chipyela, dzina lochokera ku mawu oti kupsa, pakuti pamenepa ndi pamene ankawotcherapo anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti. Mwala wa maziko udaikidwa mu Januwale 1903, pa nthawi ya Bishopu Gerard Trower. Amene adajambula ndi kuyang'anira ntchitoyo adali Frank George, koma amene adaswa miyala, kuumba njerwa, kusenza ndi kumanga adali anthu a pa chilumbapo ndi a kutsidya, amuna ndi akazi omwe. Ambiri adaphunzirira pomwepo umisiri wa zomangamanga ndi ukalipentala. Tchalitchicho chidayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905 ndipo chidapatulidwa mu Novembala 1911.

Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Taganizani, nthawi imeneyo Lilongwe adali kaboma kakang'ono kongoyamba kumene m'mbali mwa mtsinje, ndipo kumene kuli City Centre kudali thengo. Mkati mwa tchalitchichi muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake adakwirirapo mtima wa Livingstone mu 1873.

Sukulu ndiyo idakhala munda

Kwa ife ophunzira akale, gawo lofunika kwambiri la mbiriyi ndi ili. Pa chilumba chaching'ono mwana aliyense amakhala pafupi ndi sukulu. Palibe nkhondo yobalalitsa ana, palibenso minda ikuluikulu kapena ng'ombe zambiri zowajombetsa. Makolo nawo adazindikira msanga kuti mwana sangadzadye miyala. Motero anyamata ndi atsikana omwe ankapita kusukulu, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 Likoma chidatchuka ngati malo amene pafupifupi munthu aliyense ankadziwa kuwerenga ndi kulemba, pa nthawi imene m'maboma ambiri a kumtunda kalata inkayenda mudzi wonse kufuna woiwerenga.

Pa chilumbachi padali makina osindikizira mabuku, ndipo mu 1893 Maples adayambitsa nyuzipepala yotchedwa Nyasa News. Padali chipatala, sukulu ya zaubusa, ndiponso sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's imene idayambira ku Kobwe isadasamukire pa Likoma. Johnson ndi anzake adamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha kumeneko ndipo lidatuluka mu 1912, zaka 10 lisadatuluke Buku Lopatulika la 1922 limene ambiri tidakula nalo.

Anthu ophunzitsidwa kumeneku adafika kutali. Yohana Abdallah adadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo adatumikira kwa Ayao ku Unangu. Leonard Kamungu wa ku Chia adakatsegula mishoni ya Msoro kufupi ndi Chipata ku Zambia, kumene adamwalira mu 1913. Koleji ya zaubusa ya Anglican ku Zomba ili ndi dzina lake. Josiah Mtekateka, wobadwira pa Likoma mu 1903, adatumikira zaka zambiri ku Tanganyika, ndipo mu 1965 adakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa ubishopu mu mpingowo. Mu 1971 adakhala bishopu woyamba wa Dayosizi ya Lake Malawi. David Rubadiri, kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations mu 1964, yemwe pambuyo pake adatsogolera Yunivesite ya Malawi, adabadwira ku Liuli koma kwawo kudali ku Likoma.

Kuwonjezera pa otchukawa, padali mazanamazana a aphunzitsi, makalaliki, anamwino, akalipentala ndi oyendetsa sitima amene adabalalikira ku Zomba, Blantyre, Salisbury, Bulawayo, ku migodi ya Copperbelt ndi ya Johannesburg, ndi ku Dar es Salaam. Ndalama zimene ankatumiza kwawo ndizo zinkagula ufa umene nthaka inkakana kupereka. Maboma ena ankagulitsa fodya, thonje kapena tiyi. Likoma chinkagulitsa anthu ophunzira.

Nyanja itasiya kukhala msewu

Chimene chidakweza Likoma ndicho chidadzachitsitsa. Misewu ya galimoto ndi njanji zitafalikira kumtunda, nyanja idasiya kukhala njira yaikulu. Malire a atsamunda nawo adalimba. Mu 1952 mipingo ya ku Tanganyika idapatsidwa dayosizi yakeyake, ndipo patapita zaka zochepa ya ku Mozambique idaperekedwa ku Dayosizi ya Lebombo. Likulu la mpingo lidachoka pa chilumba kupita kwa Mponda, kenaka ku Malosa. Malo amene adali pakati adapezeka ali kumapeto.

Moyo wa pa zilumbazi udadalira sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951 m'malo mwa Vipya yomwe idamira mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Ilala inkafika kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera. Kwa zaka zambiri padalibe poti sitimayo ikocheze, kotero kuti anthu, matumba a ufa, malata ndi odwala omwe ankatsitsidwira m'timabwato, ena n'kumalizira ulendo akuyenda m'madzi katundu ali pamutu. Sitima ikapita kokakonzedwa ku Monkey Bay, mitengo ya zinthu inkakwera ndipo ana osankhidwa kupita ku sekondale za kumtunda ankachedwa kuyamba teremu.

Komabe ntchito yakale ya chilumbachi, yokhala pothawirapo, sidathe. Nkhondo ya Frelimo yolimbana ndi Apwitikizi itayamba mu Seputembala 1964, chigawo cha Niassa chidali chimodzi mwa zigawo zoyamba kumva mfuti, ndipo anthu a ku Kobwe ndi midzi yoyandikana nayo adawolokera ku Likoma. Zomwezo zidachitikanso pa nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene idatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992. Anthu a pa chilumba adagawana ndi abale awo chinangwa chochepa chomwecho, monga momwe makolo awo adachitira pa nthawi ya Magwangwara.

Zinthu zina zasintha. Mu 1995 kudakhazikitsidwa Dayosizi ya Northern Malawi, ndipo St Peter's ndicho tchalitchi chake chachikulu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Likoma chidachotsedwa pansi pa Nkhata Bay n'kukhala boma palokha. Magetsi amene kale ankachokera ku injini za dizilo n'kumazima usiku, tsopano amathandizidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Pali bwalo la ndege, ndipo alendo ochokera kunja amabwera kudzaona tchalitchi, magombe ndi nsomba zokongola za mbuna. Koma nthaka ndi yomweyo, mwera ndi womwewo, ndipo anthu awonjezekera kuchoka pa 8,000 ndi kanthu mu 1998 kufika pa oposa 14,000 mu 2018, onsewo akuyang'ana usipa wa m'nyanja imodzi.

Phunziro kwa ife

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ambiri a ife tidazolowera kuyeza malo ena onse ndi kutalika kwake kuchokera ku Capital Hill. Mphunzitsi kapena namwino akatumizidwa ku Likoma timamupepesa ngati walandira chilango. Ena mwa ife takhalapo m'maofesi amene amagawa mabuku, aphunzitsi ndi mankhwala, ndipo tikudziwa kuti boma la anthu ochepa ndi limene limayamba kuiwalika ndalama zikachepa. Chonsecho sukulu zambiri zimene tidaphunziramo, ndi maofesi amene tidagwiramo ntchito, zidayamba ndi aphunzitsi ndi makalaliki ochokera ku malo ngati amenewa: Likoma, Khondowe, Bandawe, Nkhoma ndi Blantyre.

Mwana wa ku Likoma kapena ku Chizumulu lero ali pomwe adali agogo ake zaka 100 zapitazo. Alibe munda woti adzalandire, ndipo njira yake yodalirika ndi sukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ake adali patsogolo pa dziko lonse, pamene iye akupikisana ndi ana athu a mu mzinda amene ali ndi mabuku, makompyuta ndi aphunzitsi apadera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikupempha komiti yathu kuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu, pokambirana za thandizo limene timapereka ku sukulu yathu yakale, iganizirenso zosonkhanitsa mabuku a sekondale amene ana athu adathana nawo, kuti apite ku sukulu za pa zilumbazi. Katoni ya mabuku siivuta kukwera sitima. Ndipo amene muli ndi mwayi wa tchuthi, pitani mukadzionere nokha, koma musankhe miyezi imene mwera wagona. Anzathu a ku Likoma ndi Chizumulu amene muli m'bungwe lino, tilembereni zimene makolo anu adakuuzani kuti tidzasindikize m'kope lotsatira.